UKONDE WA UDZUDZU NDI CUMA CA ANTHU ONSE

Mafumu, nyakwawa, azibambo ndi azimayi a m'maboma a Petauke ndi Nyimba:

Ukonde wa udzudzu umene anthu amalandira kwaulere suli cinthu cotola panjira. Umagulidwa ndi ndalama za Boma pamodzi ndi za mabungwe othandiza, monga Global Fund limene linakhazikitsidwa mu 2002. Motero nkoyenera kuti munthu aliyense, kuyambira kwa Mfumu Kalindawalo kufikira kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe m'cigwa ca Luangwa, adziwe cifukwa cimene cuma ca anthu ciperekedwera pa nchito imeneyi.

Cifukwa coyamba ndi moyo wa ana. Udzudzu wopatsa malungo umaluma makamaka usiku. Ukonde wonyikidwa m'mankhwala umautsekereza, ndipo ukatera pa ukondewo umafa. Mu 2004 akatswiri anasonkhanitsa zimene anapeza m'maiko angapo, naona kuti pa ana 1,000 ogona m'maukonde otere, ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amapulumuka ku imfa caka ciriconse, ndiponso kudwala malungo kumatsika ndi theka.

Cifukwa caciwiri ndi mtengo wake. Pogula ambiri pamodzi, ukonde umodzi mtengo wake uli pafupifupi madola awiri kapena atatu a ku America. Anthu awiri amagonamo, ndipo ukasamalidwa ukhoza kufika zaka zitatu. Koma mwana mmodzi akagonekedwa ku cipatala ca Minga kapena ca Nyimba, Boma lilipira mankhwala, cakudya ndi anchito, pamene makolo alipira ulendo nasiya munda uli m'thengo. Malungo amakula m'dzinja, nthawi yeniyeni yopalira cimanga, nsawawa ndi thonje.

Umboni wa zimenezi uli pafupi. M'nyengo ya ulimi ya 2009 ndi 2010, ofufuza anapatsa maukonde aulere kwa alimi ena a thonje ku Katete. Pokolola kunapezeka kuti zokolola za mabanja amenewo zinaposa za anzao ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 alionse. Khasu silinagone cifukwa mwini wake sanagone pamphasa.

Ena amafunsa kuti, bwanji Boma siligulitsa maukondewa pamtengo wocepa? Yankho linapezeka ku Kenya mu 2007, kumene zipatala zina zinapereka maukonde kwa amayi apakati kwaulere, zina pamtengo wosakwana dola imodzi. Kumene anali kugulitsa, amayi ambiri anabwerera kwao cimanjamanja. Caka comweco bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti maukonde aziperekedwa kwaulere kapena pamtengo wotsika kwambiri kwa onse okhala kumene kuli malungo. Ndico cifukwa cake Unduna wa za Umoyo unagawa maukonde m'midzi mu 2014, 2017, 2020 ndi 2023, kuonjezera pa amene amayi amalandira ku sikelo.

Komabe ndalama zimenezi zimabala phindu pokhapo ngati munthu agona mu ukonde usiku uliwonse. Ukonde wosungidwa m'sutukesi kuyembekezera alendo suteteza aliyense. Wochingira nao dimba kapena anapiye waika ndiwo patsogolo pa mwana wake. Wokokera nao nsomba mu Luangwa walakwa kawiri, popeza wasiya banja lake kwa udzudzu ndiponso waononga tinsomba timene tikanakula. Ukonde ucapidwe mofatsa ndi kuyanikidwa pamthunzi, ndipo ukang'ambika usokedwe tsiku lomwelo.

Anthu akumbukirenso kuti thandizo la akunja silili ngati dzuwa lotuluka m'mawa uliwonse. Mu 2025 boma la America linatseka bungwe lake la USAID, limene kwa zaka zambiri linathandiza Zambia pa nkhondo yolimbana ndi malungo. Cotero ukonde uliwonse wotayidwa lero ndi wobvuta kuubwezera mawa.

Pa cifukwa ici mafumu, nyakwawa ndi makomiti a zaumoyo m'midzi akupemphedwa kuyendera nyumba ndi nyumba mvula isanagwe, kuona ngati maukonde ali opacikidwa. Amayi apakati ndi ana osafika zaka zisanu akhale oyamba kugonamo, ndipo wotentha thupi apite naye ku cipatala tsiku lomwelo kuti akampime magazi.