Kuwala Kumaona Zimene Maso Athu Saona



Ambiri a inu mukukumbukira tsiku lija mu Fomu 3 pamene tinasiya madzi a copper sulphate pawindo, ndipo patapita masiku tinapeza timibulu tabuluu pansi pa botolo. Tinkayesa ndi matsenga. Lero ndabwera kudzakuuzani kuti nkhani ya timibulu imeneyi imakhudza moyo wa munthu.

M'chaka cha 1996 kampani ya Abbott ya ku America inayamba kugulitsa ritonavir, mankhwala olimbana ndi kachilombo ka HIV. Mu 1998 mankhwalawo anayamba kuundana m'timibulu tamtundu wina. Mankhwala anali omwewo, koma timibulu tatsopanoti sitinkasungunuka mokwanira, kotero kuti thupi silikanalandira mlingo woyenera. Makapisozi anachotsedwa pamsika, ndipo atsopano anatuluka mu 1999. Ritonavir yemweyo amapezeka m'ma ARV ena amene abale athu amamwa.

Nanga wopanga mankhwala angadziwe bwanji zimene zikuchitika m'kati mwa thanki? Kale ankatungamo pang'ono n'kupita nazo ku labotale, koma pofika kumeneko zimakhala zitazizira, timibulu titasintha kale. Masiku ano amaviika m'thankimo kachipangizo kotulutsa kuwala. Njira imeneyi imatchedwa spectroscopy. Mankhwala alionse amameza kapena kumwaza kuwala m'njira yakeyake, monga momwe chidindo cha chala changa chimasiyanirana ndi chanu. Kuwala kwa infrared kumasonyeza kuchuluka kwa mankhwala amene akadali osungunuka. Njira ya Raman imasiyanitsa mitundu ya timibulu. Inachokera pa zimene C. V. Raman wa ku India anatulukira mu 1928, n'kulandira nazo mphotho ya Nobel mu 1930. Tsono zinthu zikayamba kupita kumbali, wopangayo amasintha kaziziritsidwe nthawi yomweyo, madzi asanafike m'khosi.

Anzanga, m'mawa uno ndinalowa mu labotale yathu ija. Mabotolo ambiri alibe kanthu, ndipo ana akuphunzira sayansi pabolodi pokha. Makina amene ndatchulawa sitingawakwanitse, koma copper sulphate, mabotolo ndi magalasi ogawa kuwala tingathe kugula. Mutu umodzi susenza denga. Tisonkhe kangachepe tisanabalalike, kuti mwana wa Fomu 3 nayenso adzaone timibulu tabuluu ndi maso ake.