Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Sayansi ku Naisi



Wosula makasu sagwira chitsulo ndi dzanja kuti adziwe ngati chapsa. Amaona mtundu wake: chikangofiira pang'ono amapitiriza kupemerera, chikawala amatola nyundo. Nzeru ya wosulayo ndiyo ndabwera nayo lero.

Ku Cadarache, m'dziko la France, mayiko akumanga makina otchedwa ITER, oti atulutse mphamvu monga limachitira dzuwa, pophatikiza tinthu ting'onoting'ono ta hydrogen. Mpweya wam'katimo, umene amautcha plasma, uyenera kufika madigiri 150 miliyoni, kuposa pakati pa dzuwa kakhumi. Choyezera chilichonse chingasungunuke chisanayandikire n'komwe. Nanga adziwa bwanji kuti moto wakwana?

Amaona mtundu, ngati wosula uja. Kungoti moto wotere kuwala kwake kwambiri maso sangakuone: ndi X-ray, yomwe ija imajambula fupa lothyoka ku chipatala chachikulu cha Zomba. Mu 1913 Henry Moseley anaonetsa kuti chitsulo, mkuwa ndi zina zotero, chilichonse chili ndi X-ray yakeyake, ngati chidindo cha chala. Tsono akatswiri amathira kampweya ka argon pang'ono mu plasma, X-ray yotulukayo n'kuigwetsera pa mwala wa kristalo, umene umaimwaza kukhala mizere. Mzere ukanenepa, ndiye kuti tinthu tija tikuthamanga kwambiri, moto wakula. Ukasunthira mbali, plasma ikuzungulira. Mizere ya tungsten, chitsulo cha pakhoma la makinawo, ikachuluka, amadziwa kuti khomalo likudyeka ndipo zinyenyeswa zake zikuziziritsa moto.

Mwina wina akuti, za ku France zikutikhudza chiyani ife a kuno? Kumbukani Januwale 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira: mdima, zigayo zitaima. Magetsi athu ambiri amadalira mtsinje umodzi, Shire. Sindikunamizani kuti magetsi a mtundu watsopanowu afika mawa; ntchito ikadalipo yambiri, ndipo ikufuna anthu odziwa kuwerenga mizere ija.

Physics amaphunzitsa ku University of Malawi, mu Zomba mwathu momwe muno, ndipo aphunzitsi a sayansi amasulidwa pa Domasi pompa. Makolo, mwana wamkazi akakonda masamu, musamutulutse m'kalasi kuti akakwatiwe. Mafumu athu, tithandizeni pamenepa.