Miyezi Itatu ndi Kaundula wa Chimanga



Komiti idandipempha kuti ndiyankhule za ntchito yanga ya m'boma. Ndapempha chilolezo kuti ndiyankhule za ntchito imene ndidagwira ndisadalembedwe paliponse, chifukwa pali pempho limene ndabwera nalo kwa inu.

M'chaka cha 2002 ndidali m'chaka chachitatu ku Chancellor College kuno ku Zomba, imene kuyambira 2021 yangotsala yokha ndi dzina loti University of Malawi. Ambiri mukukumbukira njala ya chaka chimenecho. Zokolola za 2001 zidavuta, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa, ndipo mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kolera nayo idasautsa, makamaka kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ife pa Chirunga tinkadandaula za kuchepa kwa ndiwo m'kafeteriya.

Chaka chili kumapeto ndidapeza malo a atachimenti ku bungwe lina la mpingo limene linkathandiza kugawa chimanga. Sindibisa, ndidapitako chifukwa kwina konse adandikana. Malipiro kudalibe. Adandipatsa njinga yakapalasa, kope lachikuto cholimba ndi nsima ya masana.

Woyang'anira ntchito adali mayi wachikulire wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo tonse tinkangowatchula kuti Amayi. Sabata yachiwiri adandituma ku mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, cha ku Songani, kuti ndikalembe mabanja ovutikitsitsa. Chiwerengero adandipatsiratu, ndipo adati ndisapitirire ngakhale ndi dzina limodzi, poti matumba adali owerengeka.

Ine, mwana wa ku yunivesite, ndidaona kuti nkhaniyi njosavuta. Ndidapita Lamulungu, ndidadikira mapemphero kutha, ndidakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mkulu wa mpingo, anthu nkumabwera ine nkumalemba. Pofika 2 koloko kaundula adadzaza. Lolemba m'mawa ndidaupereka monyadira, wolembedwa mwaukhondo, mizere yojambula ndi rula.

Amayi adawerenga maina onse mwakachetechete. Kenaka adandifunsa: "Mwanangu, kodi kumudzi kumeneko kulibe mzikiti?" Ndidati ulipo, ndidaudutsa. Iwo adati, "Nanga anthu ake adakhuta?"

Ndidasowa poyang'ana. Aliyense wodziwa dera la Mfumu Malemia akudziwa kuchuluka kwa Asilamu kumeneko, koma m'kope langa mudalibe ndi mmodzi yemwe. Sikuti ndidawachotsa dala. Ndidangolemba amene adali pamaso panga. Amayi adawonjeza kuti munthu amene njala yamugwira zenizeni sayenda mtunda kupita ku tchalitchi, ndipo amene alibe chitenje chabwino amachita manyazi kukhala pagulu. Adandibwezera kope nati ndikayende khomo ndi khomo, pamodzi ndi nyakwawa, shehe ndi mkulu wa mpingo yemwe uja.

Tidayenda masiku anayi. Nyumba zambiri m'mawa tinkapeza ana okhaokha. Amayi awo adali atalawirira kuphiri kukatola nkhuni. Inu amene mudakwerako ku Ku Chawe mudawaona amayi otere akutsika ndi mitolo yaitali kuposa msinkhu wawo, alendo ali kalikiliki kujambula zithunzi ndi kugula mabulosi. Mtolo umodzi umatha tsiku lathunthu, ndipo ndalama yake inkangokwana kambale ka madeya. Enanso pa Lamulungu lija adali kuphiri komweko, Akhristu ndithu, pamene ine ndinkalemba maina pansi pa mango.

Pa khomo lina tidapeza agogo aakazi akuphika mango aawisi mumphika, adzukulu anayi atazungulira moto. Makolo a anawo adamwalira, ndipo zaka zimenezo mankhwala otalikitsa moyo adali asadayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Adayamba mu 2004. Ndidawafunsa chifukwa chimene sadabwere kudzalembetsa. Adayankha m'Chiyao, shehe nkumasulira, kuti adamva zoti chimangacho ncha a tchalitchi, ndiye sadafune kukavutitsa eni ake.

Chovuta chidadza pambuyo. Kuti agogowo ndi ena otere alowe, ena adayenera kutuluka, pakuti chiwerengero chidali chomwe chija. Mwa ofunika kuchotsedwa mudali mlamu wake wa mkulu wa mpingo, bambo amene adali ndi kagolosale ndi mbuzi zingapo. Ndidapempha Amayi kuti akanene okha. Adakana. Adati dzanja limene lidalemba ndi lomwe likafufute.

Ndidakanena pabwalo, mawondo akugundana. Bambo uja adandinena kuti ndine mwana wopanda mwambo, wobwera kudzagawanitsa mudzi. Mkulu wa mpingo adakhala chete kwa nthawi, kenaka adaimirira nati mwanayu wanena zoona, mlamu wangayo sagona ndi njala. Mpaka ndidachoka pa bungwepo awiriwo sankapatsana moni, ndipo sindidziona ngati ngwazi pa nkhaniyi, poti ndikadayamba ndayenda m'makomo sakadayambana.

Lero pa desiki yanga pamadutsa makaundula aakulu kuposa lija, a anthu zikwizikwi, otayipidwa bwino pa kompyuta. Ndisadasayine ndimafunsa kuti mainawo adalembedwera pati, tsiku lanji, ndipo amene adalibe pamalopo ndani. Anyamata a mu ofesi amati ndine wovuta.

Tsopano pempho langa. Ana ochokera pa sukulu yathu ali m'makoleji, ndipo chaka chilichonse amayenda ndi makalata kufuna malo a atachimenti. Ambiri mwa ife tili ndi maofesi, ena m'boma, ena m'makampani, ena m'mabungwe a mipingo ndi a Chisilamu. Tiyeni tiwatenge. Koma tikawatenga tisawasandutse otumidwa kukagula mandasi ndi kuchita fotokope. Apatseni ntchito yoti akhoza kuilakwitsa, ndipo mukhale pafupi kuti muwabweze. Muwapatseko ndi ya minibasi, chifukwa si onse ali ndi achibale m'tauni.

Mlembi wathu ali ndi pepala pakhomo. Amene mungathe kulandira mwana mmodzi mulembepo dzina ndi malo anu a ntchito musadapite ku chakudya. Ine ndalemba kale awiri.