Funso lija la mpunga tilisiye

Nyengo ya zikwati ndi ino, Loweruka lililonse kuli chinkhoswe kapena perekani-perekani. Pa chikwati chilichonse pamakhala mnzathu amene wafupa, wavina, kenako wabwerera kukatsegula yekha chitseko cha nyumba yamdima. Potsanzikana timamuseka: "Nanga iwe, mpunga tidzadya liti?" Iye amaseka nawo. Koma funso limenelo walimva kale kwa mayi ake, kwa azakhali, ngakhalenso kukwaya.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti timafulumira kumupezera matenda. Wina ati unamangidwa, wina ati umasankha kwambiri, wina ati supemphera mokwanira. Pali mnzathu wina, dzina sinditchula, amene anasala kudya, nakwera phiri kukapemphera, zaka n'kumapita. Kenako anangosiya kubwera kutchalitchi, akuti Mulungu amamva a anthu ena okha. Ine ndinatani? Ndinkamutumizira vesi pa WhatsApp m'mawa uliwonse, koma phazi langa silinaponde pakhomo pake miyezi itatu. Ndinalakwa, ndikuvomera.

Mukawerenge Yobu 2. Anzake atatu aja anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Zinthu zinasokonekera atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene akuvutikira, moti pa mutu 42 Mulungu anawadzudzula. Eliya nayenso, pa 1 Mafumu 19, anatopa mpaka kupempha imfa. Mngelo sanayambe ndi ulaliki ayi. Anamupatsa mkate ndi madzi, iye n'kugonanso.

Ndiye inu amene muli pa chibwenzi kapena mwangolowa m'banja, musamutaye mnzanu uja. Lamulungu masana, mapemphero akatha aliyense atapita kwa banja lake, m'pamene nyumba imakula. Muyitaneni ku nsima, ndipo chonde, osamukonzera "m'bale wina wake" womudikira pampando. Akanena kuti wakwiyira Mulungu, musadzidzimuke, mulekeni amalize. Koma akayamba kunena kuti moyo wamukwana, imeneyo si nthabwala. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala kapena kwa munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira.

Mnzathu uja kutchalitchi sanabwererebe. Lamulungu likubwerali ndikupitanso kwawo ndi usipa ndi tomato, ufa akuti alinawo.