Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wolandira Makhansala ku Luchenza



Makhansala, ndikudziwa kuti ena mwa inu mtima uli kale ku Lilongwe, ku Nyumba ya Malamulo. Kulakalaka uphungu si mlandu. Pempho langa ndi lakuti musauyese ukhansala pongodikirira.

Mpando mwakhalapowu tinaulira. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 popanda khansala mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Luchenza ankadula chiphaso m'mawa uliwonse, koma chimbudzi chikadzaza, zinyalala zikaunjikana pafupi ndi benchi yake, analibe munthu womuvotera yekha woti akamudandaulire. Nayo Nyumba ya Seneti, imene malamulo a 1994 anailonjeza kuti mudzakhale mafumu ndi oimira maboma, inachotsedwa mu 2001 isanakumaneko n'komwe. Choncho khomo loyandikira anthu limene latsala ndi lanuli.

Tengerani chitsanzo ku America, kumene kunali Calvin Coolidge. Anayamba ngati khansala m'tauni ya Northampton, nakhala meya mu 1910, kenaka mu 1912 analowa mu Seneti ya chigawo cha Massachusetts. Chaka chomwecho ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu mumzinda wa Lawrence ananyanyala ntchito chifukwa chowadulira malipiro, ndipo iye ndi amene anatsogolera komiti ya aphungu yoyanjanitsa mbali ziwirizo. Mu 1923 anakhala mtsogoleri wa dziko lonse. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ngakhale atakwera chonchi, kwawo ankakhalabe m'nyumba ya lendi yogawana khoma ndi banja lina. Sanathawe anthu amene anamutuma.

Ife kuno tazunguliridwa ndi minda ya tiyi. Wothyola tiyi amadzuka kusanache, dengu kumsana, mame atanyowetsa chitenje mpaka m'chiuno, ndipo tsiku lake limathera pa sikelo. Kakang'ono kamene walandirako amadzagulira ufa ndi matemba mumsika uno, ndipo msonkho wa khonsolo umachokera momwemo. Ndalama yotere siyenera kungosowa. Mukamakambirana bajeti, funsani kuti pa ndalama za ziphaso zapita zingati ku ngalande, mvula isanayambe kukokolola misewu ya m'makwalala.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiye mwezi uno usanathe, khansala aliyense aitanitse msonkhano m'wodi mwake, mafumu ali pomwepo, awerengere anthu ndalama zimene khonsolo yatolera ndi kumene zapita. A Meya, inu muyambe, ndipo ziwerengerozo zikamatidwe pa bolodi la kumsika kuti aliyense adziwerengere yekha.