BP SI HAMALA YA AFITI

Awa ndi mawu amene mphunzitsi wina wopuma ntchito analankhula pa msonkhano wa anthu ochokera ku Dowa ndi ku Ntchisi amene akukhala mu mzinda wa Lilongwe. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira.

A wapampando, azibusa amene muli pano, amayi ndi abambo, abale anga a kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Dzoole, kwa Kalumo, kwa Kasakula, kwa Nthondo ndi kwina konse kumene michombo yathu inagwera, ndikupereka moni kwa nonsenu.

Alembi atandiuza kuti ndilankhulepo lero, ndinayamba ndapempha buku la chuma cha gulu lathuli ndi kuliwerenga tsamba ndi tsamba. Ndalama zonse zimene takhala tikusonkha zapita ku zinthu zitatu: bokosi, galimoto yonyamula maliro ndi ufa wa pasiwa. Sindikunyoza ayi, pakuti kuika m'bale mwaulemu ndi mwambo wathu. Koma ndinafunafuna mzere umodzi wokha wonena kuti tinatumiza ndalama kumudzi kuti munthu akayezetse asanagwe, ndipo sindinaupeze. Nkhani yanga yagona pamenepo.

Ine sindine dotolo. Zimene ndikudziwa za mtima ndinaziphunzira mochedwa, nditakhala pambali pa mphasa ya akulu anga.

Ambiri mukudziwa kuti ndinatuluka m'dziko muno mu 1975 kudzera ku Mchinji ndi kukakhala ku Lusaka zaka 18. Ndinabwerera mu 1993, riferendamu ya pa 14 June itachitika, boma litalengeza chikhululukiro kwa ife amene tinali kunja. Zaka zonsezo amene anasunga mayi athu ndi munda wathu kumapiri a ku Ntchisi anali akulu anga. Anali munthu wochepa thupi, mlimi wa fodya, chimanga ndi kachewere, wokwera chitunda atasenza thumba osapumira panjira. Sanagonepo m'chipatala chibadwire, ndipo ankanyadira zimenezo.

M'chaka cha 2016, nyengo yosankha fodya, anagwa m'chigafa m'mawa wina. Pakamwa panapotoka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinalefuka, mawu osamvekanso. Alamu anga anaitana abale, ndipo abale anati munthu wabwinobwino sangagwe chotere, ameneyu wamenyedwa ndi hamala. Masiku awiri anatha akuyendera woombeza ula. Ine lamya inandipeza tsiku lachitatu. Titafika nawo kuchipatala, namwino anawamanga lamba pamkono, makina nkuonetsa 210/120. Anafunsa kuti, "Kodi bambowa anasiya liti kumwa mankhwala a BP?" Tonse tinangoyang'anana. Anali asanayezedwepo ndi kamodzi komwe.

Anakhala pamphasa miyezi 14 akutembenuzidwa ngati khanda, ndipo anatisiya mu 2017. Komanso m'mudzimo munali agogo ena, amene tonsefe tinadyapo nsima yawo tili ana. Iwo ndi amene anatchulidwa kuti anaponya hamalayo, ndipo anasamuka usiku chifukwa cha mantha. Nthenda imodzi inagwetsa anthu awiri. Lamulo la 1911 loletsa kunenera munthu ufiti lilipo ndithu, koma malinga anthu sakudziwa chimene chagwetsa m'bale wawo, adzafunabe munthu womuloza chala.

Tsono tiyeni tidziwe chimene chinagwetsa akulu anga.

Mtima ndi pampu. Umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku kukankha magazi m'mitsempha. Amene munathirirako dimba ndi thiredo pampu mukudziwa kuti paipi ikauma kapena ikachepa mpata, wopalasa amatopa msanga, ndipo paipiyo imaphulika pamene pali pofooka. M'thupi ndi chimodzimodzi. Makina akamayeza amatulutsa manambala awiri: lam'mwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, lam'munsi ndi pamene wapumira. Munthu amene ali bwino amakhala cha m'ma 120/80. Zikafika 140/90 kapena kupitirira, ndipo zapezeka choncho masiku awiri osiyana munthu atakhala pansi ndi kupumula, ameneyo ndi wodwala ngakhale akudzimva ngati mnyamata.

Dzina limene tinaipatsa nthendayi, lakuti kuthamanga kwa magazi, limatisocheretsa. Timaganiza kuti tidzamva mtima ukuthamanga. Tinazoloweranso kunena kuti "wandikweza BP" mwana akatikwiyitsa, ngati ndi chinthu chobwera masana nkutha madzulo. Zoona zake n'zakuti anthu ambiri a nthendayi samva chilichonse kwa zaka zambiri, pamene m'kati ikudya ngati chiswe m'mtanda wa nyumba. Tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika, ndiye sitiroko imeneyo. Ukakhala wa kumanzere kwa ubongo, imafa ndi mbali ya kumanja ya thupi, ndipo nthawi zambiri mawu amapita nawo, monga zinachitikira akulu anga. Kwa ena imatopetsa mtima mpaka miyendo kutupa, befu pa chitunda chaching'ono, kulephera kugona chagada usiku. Kwa ena imapha impso kapena kuononga maso.

Musaganize kuti ndi tsoka la banja lathu lokha. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, m'tauni ndi kumudzi komwe. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo mwa amenewo oposa 90 pa 100 sanali pa mankhwala. Dziko lonse lapansi, matenda a mtima ndi mitsempha ndiwo amapha anthu ambiri kuposa ena onse: bungwe lomwelo linawerengera anthu 17.9 miliyoni m'chaka cha 2019 chokha.

Saopanso mpando. Pulezidenti Levy Mwanawasa wa ku Zambia anagwidwa ndi sitiroko ali ku msonkhano ku Egypt mu June 2008, ndipo anamwalira ku Paris pa 19 August ali ndi zaka 59. Kuno kwathu mtima wa Pulezidenti Bingu wa Mutharika unaima pa 5 April 2012. Amenewa anali anthu okhala ndi madotolo awoawo ndi ndege zowanyamula. Nanga mlimi wa kwa Chikho, amene ambulansi yake ndi kabaza, adalira chiyani? Iye chitetezo chake chili pa kuyezetsa msanga basi.

Titachoka ku maliro, mwana wanga wamkazi anandigwira dzanja ngati wa sukulu ya mkaka kupita nane kukayezetsa. Ndinapezeka ndi 178/104. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Popeza ndinkamvanso befu pokwera masitepe, ananditumiza kwa dotolo wa mtima kuno ku Lilongwe, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni zimene zimachitika kumeneko, chifukwa ena amaopa ngati akupita kukhoti.

Anandimata timawaya pachifuwa, pamanja ndi pamiyendo, kujambula magundidwe a mtima papepala, amati ECG. Kenako anayendetsa kachipangizo pachifuwa kofanana ndi kamene amaunikira amayi oyembekezera, ndipo ndinadzionera ndekha mtima wanga ukugunda pa kanema. Anatenganso magazi ndi mkodzo kuti aone impso, shuga ndi mafuta a m'magazi. Palibe chimene chinapweteka kupatula singano. Pomaliza anandiloza pa kanemapo nati, "Bambo, mukuona khoma ili? Lakhuthala ngati mkono wa wosula makasu, chifukwa lakhala likukankha katundu wolemera zaka zambiri. Mukanayezedwa zaka khumi zapitazo pa chipatala chaching'ono cha kwanu, sitikanaonana."

Mawu amenewo ndawasunga. Madotolo a mtima m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ali m'mizinda. Amene akufunika opaleshoni ya mtima, ambiri akhala akutumizidwa kunja, ku India kapena ku South Africa, ndipo mndandanda wake ndi wautali. Njira ya munthu wa kumudzi imayambira pa chipatala chaching'ono monga pa Malomo, kupita ku chipatala cha boma ku Ntchisi kapena ku Dowa, kapena cha mishoni ku Mvera, ku Madisi ndi ku Mtengowanthenga, kenako akalata yomutumiza ku Kamuzu Central. Dotolo wa mtima ndi wa kumapeto kwa njirayo. Ntchito yake ndi kuona kuti mtima waonongeka bwanji, kusankha mankhwala oyenera ndi kukubwezani kwanu kuti muzikalandira pafupi. Mukamapita kwa iye, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mapaketi onse a mankhwala amene mukumwa, ndipo musabise za zitsamba.

Za mankhwala ndinene mosapsatira. Amene amaperekedwa kwambiri kuno ndi HCT, amlodipine ndi enalapril. Sachiza nthendayi ngati mmene a malungo amachitira kuti masiku atatu wathana nazo. Amaigwira kuti isakwere, ndipo ukasiya imabwerera. Ndiye kumwa kwake ndi kwa tsiku ndi tsiku, ngakhale manambala atatsika. HCT amakodzetsa, choncho imwani m'mawa. Amlodipine ena amawatupitsa akakolo. Enalapril ena amawapatsa chifuwa chouma, ndipo sayenera mayi woyembekezera. Mukaona zotere kauzeni adotolo akusinthireni, osati kungotaya mapiritsi kudzala. Chenjeraninso ndi Brufen ndi Indocid amene timagula pa okala msana ukamapweteka: kuwamwa kawirikawiri kumakweza BP ndi kupweteka impso. Abale athu a ma ARV anatiphunzitsa kale kuti munthu angathe kumwa piritsi tsiku lililonse nkulera ana ake mpaka kuona zidzukulu.

Kukhitchini nakonso kuli nkhani, amayi. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Ife timathira mumphika, kuthiranso pambale tisanalawe, kuonjeza timabuloko tokometsera ndiwo, soda m'thelele, ndipo madzulo tili pa chiwaya kusinsa kanyenya mu mchere. Soda nayenso amagwira m'thupi ngati mchere. Chotsani kambale ka mchere pa tebulo. Pakatha masabata angapo lilime limazolowera. Nkhwani, chisoso, bonongwe, nyemba, nsinjiro, mgaiwa ndi nthochi, zimene ena tinazisiya titafika m'tauni poti n'zachimidzi, ndizo zimene dotolo wa mtima anandiuza kuti ndibwerere.

Ife a m'tauni tili ndi vuto lina. Zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatha anthu, kuonda kunasanduka chinthu chochititsa manyazi, ndipo mimba yaikulu inakhala umboni wakuti munthu ali bwino. Maganizo amenewo atitsalira. Timakwera minibasi ulendo woti kumudzi tikanayenda wapansi. Kuyenda ndawala mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata, kukukwanira muyeso wa mphindi 150 umene madotolo amalangiza. Mowa chepetsani. Za fodya ndilankhula ngati mwana wa ku Dowa ndi Ntchisi amene fizi yake inachokera ku okushoni: kulima ndi nkhani ya m'thumba, ndipo ngakhale boma, limene mu 2023 linavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta, silinaletse munthu kulima. Koma chingambwe, ndudu ndi fodya wa pamphuno zimaononga mitsempha. Komabe kumbukirani kuti akulu anga anali oonda, olimbikira ntchito, osadziwa chiwaya. Kuonda si chiphaso. Nthendayi imayendanso m'magazi a pabanja ndipo imakula ndi zaka.

Ana nawonso ali ndi nthenda yawo ya mtima. Mwana wa msinkhu wa pulayimale akadwala zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi, kachirombo kena kakapanda kuphedwa ndi penisilini, pakapita masabata angapo amayamba kumva kuwawa m'mawondo ndi m'zigongono, ndipo pang'onopang'ono titseko ta mu mtima timaonongeka. Ambiri amadziwika atakula, makamaka atsikana pa mimba yoyamba. Mwana wopezeka nayo msanga amatetezedwa ndi jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi. Tsono zilonda za pakhosi si za kungomwetsa madzi a mandimu. Ndipo mayi woyembekezera asaphonye sikelo, pakuti BP ya pamimba imapha mayi ndi mwana yemwe.

Ndithere ndi mapempho anayi, a wapampando, ndipo ndipempha alembi awalembe.

Loyamba, aliyense wa ife akapita kumudzi Khirisimasi ino, asangonyamula shuga ndi sopo. Atenge makolo, amalume ndi azakhali kupita nawo kukayezetsa, manambala alembedwe m'kabuku.

Lachiwiri, thumba lathu la maliro libale mwana. Tigule makina oyezera BP omanga pamkono, pamodzi ndi mabatire ake, tiwapereke ku makomiti a zaumoyo a m'midzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo. Makina amodzi safika mtengo wa bokosi ndi galimoto ya maliro. Tithandizenso ya thiransipoti kwa okalamba amene amadumphitsa mwezi chifukwa chosowa ya kabaza.

Lachitatu, tikauze abale kuti munthu akapotoka pakamwa, dzanja likalefuka, mawu akasokonekera, kapena akamva chifuwa chikupanikiza mpaka kumkono ndi thukuta, apite naye kuchipatala ola lomwelo. Asamumwetse phala kapena mankhwala ngati akulephera kumeza. Mapemphero achitikire m'galimoto.

Lachinayi, tifunse. Chaka chatha ndinafika pa chipatala china chaching'ono kumapiri kwathu, ndinapeza makina alipo koma mabatire anatha, HCT nayenso kulibe. Kale zoterezi tinkangonong'onezana. Lero phungu ndi khansala akabwera kudzapempha voti, tiwafunse za mabatire ndi mapiritsi, ndipo akayankha tilembe tsiku.

Makina anga ndabwera nawo, ali pa tebulo apo, ndipo mwana wanga uja wakhala pafupi ndi kope. Tisanasambe m'manja, aliyense apinde mkono wa malaya. A wapampando, mwambo umati wamkulu ndiye ayamba.