Mkono wa Katapila Ukapindika

 Lero tikambirana za makina aang'ono onyamulira dothi, mchenga ndi miyala, monga a Bobcat ndi a JCB, amene ambirife timangowatcha katapila. Inu a ku Madziabango, pa msewu wotsikira ku Chikwawa, ndi inu a ku Chileka ndi ku Lirangwe, mukudziŵa kufunika kwake, pakuti namondwe wa Freddy atagumula misewu ndi milatho m'boma la Blantyre m'mwezi wa Malichi 2023, ntchito yochotsa matope inali yoposa mphamvu ya khasu ndi fosholo.

Ambiri mwa makinaŵa ali ndi mikono iŵiri yachitsulo yonyamula chidebe chakutsogolo. Mkono umapindika woyendetsa akamazula chitsa kapena mwala ndi ngodya imodzi ya chidebecho, chifukwa kulemera konse kumagwera mbali imodzi. Zikatero, mwini makina amathamangira kwa wowotcherera zitsulo kuti auwongole tsiku lomwelo, poopa kuluza ganyu. Apa ndi pamene pali ngozi.

Choyamba n'kuyeza. Imikani makina pamalo osalala, muone ngati mpweya uli wofanana m'matayala onse, ndiponso ngati mapini olumikiza mikono sanadyeke. Nthaŵi zina chidebe chimapendekeka chifukwa cha zimenezi, mkono uli bwinobwino. Kenaka yezani ndi tepi mopingasa, kuchokera pa pini yakumbuyo kumanzere kufika pa yakutsogolo kumanja, muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Miyeso ikasiyana, ndiye kuti mkono wapindikadi.

Musanayambe ntchito, tsitsani chidebe pansi, zimitsani injini, ndipo chotsani mawaya a batire kuti magetsi owotcherera asaononge zipangizo. Munthu asaloŵe pansi pa mkono wokwezedwa popanda mzati wachitsulo wochirikiza, chifukwa paipi ya mafuta ikaphulika, mkonowo umagwa nthaŵi yomweyo, osampatsa mpata wothaŵa.

Powongola, mangani mkono ndi unyolo wolimba, n'kumaukankha ndi jeke pang'onopang'ono, mukuyezanso nthaŵi ndi nthaŵi. Ngati pafunika moto, tenthetsani mpaka chitsulo chingoyamba kufiira pang'ono, osapitirira madigiri 600. Mukatha, musathirepo madzi ayi. Madzi amaumitsa chitsulo, ndipo chimadzathyoka ngati mbale yadothi tsiku limene chanyamula katundu wolemera. Chisiyeni chizizire chokha.

Mukapeza mng'alu, boolani kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, mupale m'mbali mwake, ndipo muwotcherere ndi timitengo ta E7018 touma bwino. Chigamba chachitsulo chikhale chosongoka mbali zonse ziŵiri, ndipo musawotcherere mzere wodula mkono pakati, pakuti pamenepo ndi pamene mng'alu wina umayambira. Koma mkono wopotoka kapena wofwanyika kwambiri ngwofunika kugula wina, ngakhale mtengo wake ukhale woŵaŵa.

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ganyu wa tsiku limodzi angathe kudikira, koma pafupi ndi chidebecho pamaima anthu, ena mwa iwo ana obwera kudzaonerera. Funani mmisiri wophunzira bwino ntchitoyi, ndipo mumpatse nthaŵi yokwanira.